Damu la Mvuu

Padangokhala Mvuu, wamkulu thupi ndi matama omwe. Adatseka mtsinje ndi miyala, madzi n'kuima ngati nyanja.

Mlamba, amene ankakwera mtsinjewo dzinja lililonse kudzadya nkhono, adapempha ali kumunsi: "Achimwene, ndisiyireniko kampata."

"Damu langa si njira ya a ndevu zamatope," adatero Mvuu.

Nkhono zidaswana m'madzi odekhawo, n'kumamuimbira nyimbo zomutamanda, iye n'kumavina. Koma m'zigoba zawo munkatuluka tizilombo ta likodzo, ndipo posakhalitsa ana a Mvuu adayamba kukodza magazi.

Mvuu adagumula yekha mwala wapakati, naitana Mlamba.

Mlamba adafika mosafulumira, akupotokola ndevu zake. "Kuzaniko mpatawu, achimwene. Ndevu zamatopezi zingadetse damu lanu."