Matimati Asanu ndi Dzanja la Che Swaibu

Panali munthu wina dzina lake Chande, mkamwini m'mudzi wina kufupi ndi Ntaja. Zinachitika mu 1978, ndipo amene anandiuza nkhaniyi anaona magaziwo ndi maso ake.

Chande anali ndi dimba la matimati kuseri kwa nyumba, ndipo ankalikonda kuposa mkazi wake Asiya. Mkuluyu anali wouma mutu, fodya wa chingambwe osachoka pakamwa. Akamaliza kupichira fodya, zala zomwezo ankapita nazo kukabudula mphukira za matimati.

Tsiku lina mitengo isanu ya matimatiwo inayamba kukwinyika masamba, mawanga achikasu ali mbwee. Mlangizi wa zaulimi ataiona anati, "Bambo, matenda awa amabwera ndi kachilombo kosaoneka ndi maso, ndipo alibe mankhwala. Kamayenda ndi manja, makamaka ogwira fodya. Zulani isanuyi muitenthe, kenako musambe m'manja ndi sopo."

"Ndizule mbewu yoti yachita kale maluwa? Iyayi, kazuleni kwanu!" anatero Chande.

Asiya, poopa kuti dimba lonse litha, anakadandaula kwa mchimwene wake, Che Swaibu, telala wa pa Ntaja. M'mawa mwake Chande atapita kumsika, Che Swaibu anabwera nazula mitengo isanu ija. Akuti ayatse moto, mwini dimba anatulukira.

"Alamu, musakwiye," anatero Che Swaibu. "Ndachotsa yodwala yokha kuti inayo ipulumuke."

"Nsanje basi! Munandilodzera dimba, lero mwabwera kudzamalizitsa!"

Chande sanafunsenso zambiri. Anatola chikwanje n'kuchiponya cholinga kumutu. Che Swaibu anatchinga ndi dzanja lamanja, ndipo chikwanje chinadula fupa, dzanja n'kutsala lili lende. Magazi anathovokera pa masamba a matimati. Asiya atathamangira kuti aleretse, Chande anammenya chibakera pakamwa, mano awiri n'kugwera m'ngalande.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi ichi. Anthu ali kalikiliki kunyamula wovulala pa machira, Chande anatola mitengo isanu ija, naidzalanso pakati penipeni pa dimba. Anaithirira bwinobwino, kenako ndi manja omwewo anayamba kusisita ndi kumangirira mitengo yamoyo, umodziumodzi. Apolisi anam'peza momwemo.

Che Swaibu anapulumuka, koma dzanja analidula kuchipatala. Makina awo osokera anachita dzimbiri pakhonde. Ukwati wa Asiya unathera pomwepo. Nanga dimba limene munthu anadulira mlamu wake dzanja? Pasanathe milungu itatu lonse linakwinyika, silinatulutse ngakhale mbale imodzi.

Khoti linam'patsa Chande zaka zisanu ndi ziwiri. Kundende atamva kuti ndi mlimi, anamuika kudimba. Tsiku loyamba msilikali wa ndende anamulozera mzere wa matimati okwinyika masamba.

"Iwe, zula yonseyi utenthe. Ukamaliza usambe m'manja."

Chande anagwada nayamba kuzula. Akuti misozi inali chuchuchu mpaka kumapeto kwa mzere.

Phunziro: Matimati akagwidwa ndi matenda okwinyitsa masamba, zulani odwalawo n'kuwatentha msanga, ndipo musagwire mbewu ndi manja a fodya. Wakutsina khutu ndi mnansi, osati mfiti. Mbewu ukazula umadzala ina, koma dzanja siliphukanso. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa aliyense amene ali ndi dimba, makamaka wa mtima wapachala.