Chitseko cha Mayankho

Panali munthu wina ku Malindi, m'mphepete mwa nyanja, msodzi wa usipa, dzina lake a Harold. Mwana wawo Mayankho, wa zaka zisanu ndi chimodzi, achipatala anati ali ndi vuto la mu ubongo lotchedwa otizimu. Sankalankhula, ndipo ukamuitana sankacheuka. Koma madzi akangonyezimira, miyendo yake inkapita yokha.

Namwino anawachenjeza kuti mwana wotere amafuna mpanda, osati maso okha. Choncho mayi ake, a Keti, anamangitsa mpanda wa bango, mpiringidzo wa chitseko n'kuuika m'mwamba posafikira mwana. Anthu ankanena kuti banjali latsekera mwana ngati mbuzi. A Harold zinkawawawa, koma ankangomeza.

Tsiku lina kunagwa maliro pakhomo loyandikana nawo. Mwa mwambo, anthu anayenera kukhala mpaka pabwalo la a Harold, amayi n'kumatungapo madzi. Aliyense wofika ankayamba wagogoda. A Harold manyazi anawagwira, natenga mpeni n'kudula zingwe za chitseko.

A Keti anawagwira mkono. "Bambo a Mayankho, chonde, chisiyeni."

"Mnzathu wagona apo, ife n'kumatseka? Atiyesa mfiti. Anthu onsewa angalephere kuona mwana mmodzi?"

Chitseko anachitsamiritsa pamtengo wa mango.

Masana, nyimbo zonyamulira maliro zitayamba, onse anaimirira. A Harold ankati mwana ali ndi amake. A Keti, amene anali atatumidwa kukatenga nkhata za maluwa, anamusiyira mnansi wawo, ndipo mnansiyo ankati wapita kwa bambo ake. Maso mazana awiri, koma palibe diso linamuona.

Mapazi ake anawapeza pamchenga, olunjika, osakhota ngakhale pamodzi. Anathera pamene madzi ayambira.

Khamu lonse linabalalika m'bango likufuula dzina lake. A Harold anafuula mpaka mawu anauma, akudziwa bwino lomwe kuti mwana wawo sanayankhepo dzina chibadwire. A Keti okha sanaitane. Anangokhala pansi pafupi ndi phazi lomaliza, n'kumalitchinga ndi manja kuti mafunde asalifufute.

Asodzi anamupeza mkuja mwake.

Chitseko chija a Harold anachibwezeretsa. Akuti mpaka lero akamatuluka amakweza dzanja n'kutseka mpiringidzo, ngakhale mkatimo mulibenso womutsekera.

Phunziro: Mwana woyang'aniridwa ndi aliyense alibe womuyang'anira. Mpanda wa mwana wotere si nkhanza, ndipo manyazi sabweza mwana. Mukapeza chitseko chotseka, mukalowa tsekaninso. Tumizirani ena uthengawu, mwina kwinakwake chitseko chikadali chotsegula.