Chingoma

"Ichi n'chiyani, amama?" anafunsa Akuzike, wophunzitsa odwala kulankhula, atanyamula chimanga.

ANyaGondwe, amene sitiroko inawalanda mawu chaka chatha, analimbana ndi lilime mpaka thukuta kamukamu. "Chi... chingoma!"

A Chimphepo, amene anabwera ku Bolero kudzayesa muyeso watsopano wa kuchira kwa odwala, anapukusa mutu. "Chimenecho n'Chitumbuka. Muyesowu ndi wa Chichewa. Lembani kuti alephera."

"Sindilemba." Akuzike anaika cholembera pansi. "Munthu walankhula lero, ine ndimusankhirenso chilankhulo? Wolephera ndi muyeso wathuwu. Tikaukonze."

"Ndikakunenezani ku Lilongwe."

"Kaneneni." Akuzike anatembenukira kwa mayiwo, nakweza kapu ya madzi. "Nanga ichi, amama?"

ANyaGondwe anawayang'ana a Chimphepo m'maso, osaphethira.

"Maji," anatero, m'Chitumbuka chomwecho.