Makala M'nyumba

Réjean analowetsa mbaula yootchera nyama m'nyumba makala akuyaka, natseka mipata ya chitseko ndi matawulo. Kunja kunkazizira kwambiri moti mvula inkaundana ikangogwa, nthambi zikuthyoka ndi phokoso ngati la mfuti. Magetsi anali atazima dzulo lake, foni nayo inali zii.

"Wamva kufunda kwake?" anafunsa monyadira.

Mkazi wake Ghislaine anadzigwira pamphumi. Mutu unkamuwawa, ndipo mwana wawo Maude, yemwe sagona masana, anali atagona pansi chidole chili m'manja.

"Maude, dzuka mwanawe," Ghislaine anamugwedeza.

Mwanayo sanatakatake.

"Msiye apume," Réjean anatero akuyasamula. "Inenso tulo tandigwira."

Atazindikira kuti mpweya wa makala ukuwapha, Ghislaine anadzandira mpaka pazenera, nalikankha ndi manja onse awiri. Mvula youndana ija inali italimata kunja konse, ndipo silinasunthe.