Mawanga a Nkhanga

Padangokhala Kangaude, amene adalukira nyama zonse pulogalamu ya pa intaneti yolozera kumene kuli madzi m'chilimwe. Inali ya aliyense. Woona cholakwika ankanena pabwalo lake, wofuna chatsopano ankapemphanso pomwepo, ndipo Kangaude ankayamba kukonza chimene anena ambiri.

Fulu adanena kamodzi kokha: "Akuluakulu, m'dziwe lakumunsi mukuti n'labwinolo mwalowa Ng'ona."

Nkhanga adaseka. "A Fulu, zakumunsi zikutikhudza chiyani? Ife tikufuna pulogalamuyi ikhale ya mawanga ngati ife!" Adamema abale ake onse, nasokosera mpaka mawu a Fulu adakwiririka.

Kangaude adaliona chenjezo la Fulu, koma adatsata unyinji, naluka mawangawo.

Madzi akumtunda ataphwa, Nkhanga adatsegula pulogalamu yokongola ija, ndipo idamulozera kumunsi. Atangoviika mlomo, Ng'ona adamugwira mutu kuti gwi! Adapulumuka, koma nthenga zakumutu zidatsala m'kamwa mwa Ng'ona.

Adafika kwa Kangaude ali wefuwefu. "Bwanji simudatichenjeze?"

"Chenjezo lilipo, mayi," adatero Kangaude. "Lili pabwalo paja, pansi pa mawanga anu."

Mpaka lero Nkhanga ndi wadazi, ndipo nthano yathera padazi pomwepo.