Mzere Wakuda wa Mlolo

Kunja kunali kutada, jenereta ikutha mafuta, koma tchati cha imfa za ana chinkafunika ku Chipata m'mawa. Abwana anali atalamula kuti, "Prudence, mizere yakuda yozungulira mizati ya pa tchatipo ichoke."

Mzere wa pa mzati wa dera la Zemba unachoka. Wa Zingalume unachokanso. Koma wa Mlolo unkangobwerera, wokhuthala ngati bokosi la maliro. Ndinadina batani lofufutira kasanu.

"Chonde, choka!" ndinaichonderera kompyutayo.

"Usiyeni, mayi," anatero mwamuna kumbuyo kwanga, chonsecho chitseko ndinakhoma ndekha. Ankanunkha dothi lakumanda. "Tayeza kale ndi bango."

Sindinacheuke. Mzati wa Mlolo unatalika wokha, 14 n'kusanduka 15.

Mwana wanga Melody ndinamusiya akutsokomola ku Mlolo Lamlungu, kwa amayi.