Dzanja la pa Chiboo cha Mpanda

Chitsekereni fakitale ya mabulangete, anyamata ambiri a m'komboni ya George ankadzibaya mankhwala ozunguza bongo m'mabwinja ake. Salome, wa gulu lowathandiza, ankawapititsira majakisoni atsopano kukangoda. Lamulo lake linali losafunsa dzina, losasuzumira nkhope. Munthu ankangotulutsa dzanja pa chiboo cha mpanda, iye n'kuikamo kaphukusi.

Tsiku limenelo manja ankatuluka n'kubwerera monga mwa nthawi zonse. Koma lomaliza silinafumbate. Linangokhala chitambasulire, lili ndi chipsera cha mbaula pachala chachikulu.

Chipseracho anachidziwa. Chinali cha Dumi, mlongo wake wamng'ono, amene tsiku lina Salome atam'peza ali thapsa m'ngalande, anauza anzake a kuntchito kuti sakumudziwa. Dumiyo anali ataikidwa m'manda mwezi wathawo.

"Ba Salome," anatero mawu kuseri kwa mpanda, mwaulemu ngati mlendo, "na ise bamene simutiziba, mumatipasako?"

Salome anazyolika, naika kaphukusi m'dzanjamo. Silinakalandire. Linangogwira chala chake chaching'ono, monga ankachitira Dumi akamaperekezedwa kusukulu, n'kuyamba kukoka pang'onopang'ono.